Dzanja la Kunkhongo

Alamu anga, amuna a achemwali, amakonza mawailesi ndi mativi m'chipinda chakumaso cha nyumba yawo, ndipo mumsewu mwathu monse amawadziwa ndi dzina loti a Bwezani. Si dzina la makolo ayi, analipeza chifukwa cha mafilimu. Ukakhala nawo pansi kuonera filimu ya kung'fu, ndewu ikangofika pokoma, iwo amakweza chala n'kuti, "Tabwezani pang'ono." Wogwira rimoti abweze, aonenso, kenaka, "Tabwezaninso." Filimu yoti ena amaimaliza dzuwa lisanapendeke, iwo amafika nayo madzulo. Anzawo anatopa n'kusiya kuonera nawo, koma dzina linatsala.

Ine ndine telala, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Chilowereni munthuyu m'banja mwathu, ine ndi iwo takhala tikukangana nkhani imodzi yomweyo, moti achemwali amati tikanakhala kuti timalima ndi pakamwa, bwenzi tikudyetsa tauni yonse. Ine ndimati mafilimu a kung'fu ndi bodza la masanasana, ndipo ndineneretu kuti mpaka lero sindinasinthe maganizo.

M'chipinda chawo chogwirira ntchito muli mativi akufa osanjikizana mpaka kudenga, ena eni ake anawaiwala kalekale. Patebulo pali zitini zamkaka zodzaza timawaya ndi tizitsulo, ndipo fungo la waya wopserera silichoka. Pakona pali kativi kakang'ono ndi deki yakale ya matepi, imene aikonza kambirimbiri moti chatsala cha kufakitale ndi chikuto chokha. Matepi a kung'fu amakhala m'makatoni kunsi kwa tebulo. Khomo lolowera kubalaza lilibe chitseko, anachichotsa okha. Pamphepete pa tebulo anamangirirapo galasi la galimoto, lopendeka mwakuti akamawotcherera waya amaona balaza lonse mpaka khomo la kuseri osatembenuka.

Ine ndikapita kukaona achemwali ndinkaima pakhomo lopanda chitsekolo, manja m'chiuno, n'kuyamba.

"Alamu, munthu mmodzi angamenye anthu odzaza bwalo? Taonani enawo akungovinavina kumbuyoko kudikira nthawi yawo, ngati pamzere wa kuchipatala."

"Ndi ulemu umenewo, mlamu. Anthu ophunzitsidwa bwino sakanganirana."

"Nanga nkhalamba ya ndevu zofika pamchombo kudumpha kuchoka pansi mpaka padenga? Chingwe chikuoneka icho."

"Ngati chikuoneka ndiye wanamizidwa ndani? Bodza loopsa ndi lija losaonetsa chingwe."

"Nkhani yake imodzimodzinso. Apha aphunzitsi ake, iye athawira kuphiri, akatunga madzi zaka ndi zaka, abwerako, abwezera. Mawu akumveka uku milomo yatseka kale. Chibakera chikulira ngati akupuntha matilesi."

"Nanga munthu akamavina amakhala akupita kuti? Mumamufunsa nkhani yake?"

Wometa wa nyumba yoyandikana nayo akakhala alibe mutu wometa ankabwera kudzathira mafuta pamoto. Iye amakonda mafilimu a mfuti, ndiye ankati kung'fu ndi kutaya thukuta, chipolopolo chimodzi chimathetsa nkhani. Apa pokha ndi pamene a Bwezani ankaika sikuludiraiva pansi. Ankati mfuti ndi ya munthu wamantha, amapha ali kutali osadziwa nkhope ya mnzake, pomwe awa amayenera kufika pafupi mpaka kununkhizana thukuta. Ankatinso ndi mafilimu okhawa amene amaonetsa munthu akuphunzira, akulakwa, akugwa, mawa n'kuyambiranso. Pomaliza ankandiuza kuti, "Mlamu, tsiku lina mudzakhale pansi muone. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine ndinkayankha kuti ndilibe nthawi yoonera amuna akuluakulu akugubuduka m'fumbi.

Chida changa chachikulu chinali dzanja lawo lamanja. Kuseri kwake, pa mfundo za zala, khungu ndi lakuda ndi lolimba ngati chidendene. Ine ndinkati, "Musatinamize, inu mukatsala nokha mumamenya khoma kutsanzira anzanuwo." Iwo ankangoseka, n'kubisa dzanjalo kunsi kwa tebulo. Achemwali nthawi zonsezi amakhala pampando wawo kubalaza, atafulatira tivi chifukwa kuthwanima kwake sikuwayanja, akuluka kapena kusankha nyemba. Mafilimuwa amawadziwa ndi makutu okha. Akamva kulira kwa mbale zosweka amati, "Afika kumalo odyera aja eti?" ndipo salakwitsa.

Achemwali ali ndi matenda akugwa kuyambira ali mtsikana. Mankhwala amamwa mosadumphitsa ndipo amathandiza, koma sanawathetse. Pamatha milungu ali bwinobwino, kenaka tsiku lina basi. Anyamata ankabwera kwathu, pakuti achemwali anali okongola kundiposa, zimenezo ndimavomera, koma akangomva za matenda ankazimiririka osatsanzika. A Bwezani anabwera kudzakonza wailesi ya bambo athu, nthawi imeneyo akugwira ntchito yabwino kufakitale. Atayamba kubwera ngakhale wailesi ili yamoyo, bambo anawakhazika pansi n'kuwauza zonse. Iwo anayankha kuti nawonso ali ndi wailesi imene imazima nthawi zina, koma sanaganizepo zoitaya. Ine ndinapsa mtima kuti akuyerekeza m'bale wanga ndi wailesi, koma achemwali, omwe ankamvetsera kuseri kwa chitseko, anaseka mpaka misozi.

Chaka choyamba cha ukwati achemwali anagwa n'kuthyoka dzino lakumaso. Pasanapite nthawi a Bwezani anasiya ntchito ya kufakitale n'kutsegula kamalo kawo pakhomo. Ngodya za matebulo anazikuta ndi labala wa matayala, mbaula anaimangira kampanda. Kuchokera pamenepo zaka zinadutsa, mwana anabadwa, anakula, anakwatiwa, tsitsi lathu linayera, koma achemwali sanakhalenso ndi chipsera ngakhale chimodzi. Tinazolowera, mpaka kuiwala kufunsa kuti zimatheka bwanji. Achemwali nkhani ya matenda awo safuna ikambidwe pamaso pawo, ndipo amuna awo sankaiyamba.

Ndiye tsiku lina la chaka chathachi, masana, achemwali anagwa pakhomo la kuseri akuchokera kokayanika zovala, n'kumenyetsa mutu pa sitepe ya simenti. Wometa ndi amene anathamanga kudzandiitana. Kuchipatala anawasoka pamwamba pa khutu. Ine mtima unandiwawa kwambiri kuona m'bale wanga atametedwa mbali imodzi, diresi lili magazi okhaokha, akufunsa mwaulemu anamwino ngati wawavutitsa.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, wamkazi, amagwira ntchito muofesi mumzinda wina. Timamutcha Kabwana chifukwa anayamba kulamula asanayambe kuyenda. Anafika mawa lake, chikwama chili paphewa, ndipo sanakhale n'komwe pansi.

"Adadi, munali kuti?"

A Bwezani anali pampando wawo wa ntchito. Anayang'ana galasi lija, anayang'ana mwana wawo, kenaka anati, "Ndimaonera filimu. Maso anali pa tivi, sindinawaone."

Ine magazi anandiwira. Zonse zimene ndinasunga zaka zonsezi ndinazikhuthula tsiku limenelo, ndipo sizinalinso zoseka. Ndinati munthu wa imvi kumangoti maso tong'o pa zibwana, mkazi akufera kumbuyo kwake. Kabwana anati amayi ake awatenga, azikagona m'chipinda cha adzukulu awo aakazi, wantchito aziwayang'anira. Nyumba yake ndi yaing'ono, ya pamwamba, yokwera ndi masitepe, ndipo malo a bambo ake kunalibe. Tonse tinadziwa tanthauzo lake, kuti anthu awiri amene sanagonepo nyumba zosiyana chikwatiranireni asiyana ali moyo.

"Ndisiya," anatero a Bwezani. "Matepi onse atuluke lero lomwe. Mlamu awatenge, akawatenthe ngati akufuna. Amayi ako usawachotse pano."

Kabwana anatsitsa chikwama chija paphewa. Kenaka anati adzabweranso kumapeto kwa mwezi, ndipo akadzapeza tepi ngakhale imodzi m'nyumbamo, sadzafunsanso munthu. Achemwali ankangosisita bandeji yawo.

Umu ndi mmene ndinapambanira mkangano wathu, ndipo chipambano chake chinali chosakoma. Wometa anandithandiza kunyamula makatoni pa wilibala mpaka kwanga, tinawaunjika kuseri kwa makina osokera. Akupukuta thukuta, wometayo anati, "Koma mayi, chinthu chimodzi chikundisokoneza mutu. Filimuyo ankaonera ndi chiyani? Tsiku lija magetsi kunalibe kuyambira m'mawa. Ine anthu ndinkawameta ndi sizasi."

Zinali zoona. Inenso tsiku limenelo ndinasita mayunifolomu ndi simbi ya makala, ndikutukwana.

Mawa lake ndinadikira nthawi imene achemwali amagona masana, n'kupita. Ndinawapeza a Bwezani atakhala pamalo pawo, kativi kaja kali chete, kunsi kwa tebulo kuli mbee. Ulendo uno sindinaime pakhomo, ndinalowa.

"Alamu, taimirirani."

"Bwanji, mlamu?"

"Taimirirani basi. Osagwira tebulo."

Anandiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono ngati munthu amene wapezeka. Anayesa. Thupi linanyamuka pang'ono n'kubwerera pampando. Anayesanso, bondo lamanzere linanjenjemera, ndipo mapeto ake anagwira ndithu tebulo n'kudzikoka pang'onopang'ono mpaka kuima. Ndinakumbukira kuti miyezi yonseyi akhala akudzuka chomwecho, ine n'kumati ndi ulesi wa anthu okonda kukhala.

"Ndinawaona," anatero atakhalanso pansi. "Pagalasi apa. Milomo inayamba, dzanja linayamba kutolatola nsalu, monga mwa nthawi zonse. Nthawi inalipo yokwanira. Mutu wanga unafika kale pakhomo paja, koma bondo linakana. Ndinafika akumveka kale pa simenti."

"Nanga munanamiranji? Mwalola ndikutukwaneni pamaso pa mwana."

"Filimu ndingathe kuisiya, mlamu. Nanga bondo ndilisiya bwanji?"

Ndinawamvera chisoni chachikulu, ndipo ndinachitanso mantha, chifukwa bodza lawolo linkasunga banja koma silikanasunga mutu wa achemwali. Ndinawauza kuti wakutsina khutu ndi mnansi, Kabwana ayenera kudziwa, ndipo akapanda kumuuza iwo ndimuuza ine. Anagwedeza mutu kuvomera. Kenaka anandipempha kuti ndikatenge tepi imodzi, iliyonse imene dzanja langa ligwire, ndipo kamodzi kokha m'moyo wanga ndikhale pansi.

Ndinabwera nayo yopanda n'chikuto chomwe. Anatsitsa mawu kuti achemwali asadzuke, n'kuithamangitsa mpaka pandewu. Panali chimunthu chachikulu chikunyamulidwa ndi kamnyamata koonda n'kuponyedwa pansi chagada. Ndinati ndi zomwe zija, kamunthu kotere sikanganyamule ngakhale thumba la simenti. Iwo anabweza, n'kuyendetsa chithunzi pang'onopang'ono, kenaka anaimitsa.

"Nkhope isiyeni. Taonani dzanja ili."

Nkhope ya woponyayo inali yoopsa, mano onse pamtunda. Koma dzanja lake limodzi linali kunkhongo kwa chimunthu chija, litatambasuka, likutsika nacho limodzi. Mutu sunafike pansi, chimene chinafika ndi kuseri kwa dzanja.

"Nkhope ikuti ndikupha, dzanja likuti usavulale," anatero. "Amenewa ndi anzake a kuntchito, mawa m'mawa afunika adzagwenso. Anthu amaonera womenya. Ine chiyambire ndimaonera wogwa, ndi amene akumugwetsa mmene akumusungira."

Anandifotokozera kuti tsiku limene achemwali anathyoka dzino, iwo analipo ndipo anawagwira, koma anawagwira mikono monga munthu amagwirira katundu, thupi linaima, mutu unapitirira. Anafunsa kuchipatala, anawauza zoyenera kuchita munthu akagwa kale, kumugoneka chammbali, osamuika kanthu m'kamwa. Za pakati pa kuima ndi kufika pansi panalibe amene anawauza. Anakaziona mwangozi m'filimu, ndipo anagula deki yakufa n'kuikonza kuti azitha kubweza. Anati munthu wogwa sumuletsa kugwa, umagwa naye. Mkono umodzi m'chiuno, mawondo ako apinde, dzanja lina kunkhongo. Sanandiuze zaka zonsezi chifukwa achemwali amamva chilichonse cholankhulidwa m'chipindamo.

"Ndiye ndi bodza ndithu, monga ndimanenera," ndinatero, poti pakamwa sipasiya chizolowezi chake.

"Bodza lenileni, mlamu. Chikanakhala choona bwenzi onsewa atafa."

Kabwana anabwera kumapeto kwa mwezi monga ananenera, Loweruka m'mawa, ine ndili komweko. Analowa, anapsompsona amayi ake, anasuzumira kunsi kwa tebulo, kenaka anadina deki, tepi ija n'kutuluka. Bambo ake anaisiyamo dala. Asanatsegule pakamwa, iwo anamuuza kuti akhale pansi, ndipo anamufotokozera zonse, za magetsi, za galasi, za bondo, achemwali akumva. Kabwana analira, anapepesa, anagwada n'kusisita bondo la bambo ake. Koma ndi mwana wa mutu, ndipo atapukuta misozi ananena chimene tonse tinkachidziwa, kuti ngati zili choncho ndiye kuwasiya amayi pano n'koopsa kuposa poyamba.

"Sindikukana," anatero a Bwezani. "Koma usawatenge usanaphunzire kuwagwira, kuti nawe ukaphunzitse wantchito wako. Ine ndikhala amayi ako."

Ndinakakoka matilesi kuchipinda n'kuwayala pakati pa balaza, ngakhale iwo ankati kwa Kabwana kulibe matilesi pansi. Anadzikoka n'kuima m'mphepete mwake. Anatembenukira kwa akazi awo n'kuti, "Mayi, mukhoza kulowa kuchipinda ngati simukufuna kuona." Achemwali anaika zoluka zawo pambali, n'kunena kuti akhala.

Zimene ndinaona sindidzaziiwala. Nkhope ya alamu anga inasintha. Maso anaima pamalo amodzi ngati akumvetsera munthu woitana kutali, milomo inayamba kutafuna zopanda kanthu, zala zamanja zinayamba kutolatola malaya pamimba, kenaka mutu unapendekera kumanzere pang'onopang'ono. Anali achemwali enieni. Ine ndawaonapo akugwa kangapo, koma sindinadziwe kuti zimabwera mwadongosolo chomwechi. Thupi linauma n'kupita chagada. Kabwana anachedwa, bambo ake anagwera pamatilesi ngati thabwa.

Kudzuka kwake kunali ntchito, tinachita kuwakoka awiri. Anapuma pang'ono n'kuti, "Usadikire kuti ndiyambe kugwa. Dzanja likangoyamba kutola, iwe ukhale uli kale kumanzere. Tabwezanso."

Kachiwiri Kabwana anafika msanga koma anawagwira mikono, mutu unakhuthukira kumbuyo. Anamuuza kuti ndi mmene amayi ake anathyokera dzino. Thukuta linali litayamba kutsika m'khosi mwawo, ndipo ine ndinati zakwana, munthu wamkulu sagwa kawirikawiri chotere. Iwo anati anzawo a m'mafilimu amagwa tsiku lonse. Pamenepo n'kuti achemwali atachoka pampando, atagwada pansi pambali pa matilesi, maso ali pa amuna awo osaphethira. Munthu wogwa sadziona. Moyo wawo wonse ankangodziwa kuti kunada, kenaka kunayera, ali chigonere chammbali.

"Ndimatero?" anafunsa motsitsa mawu.

"Eya, mayi."

"Milomo imeneyonso?"

"Imeneyonso. Ndi imene imandiitana."

A Bwezani anaimanso. Maso, milomo, zala, mutu kumanzere. Kabwana ulendo uno anakulunga bwino mkono m'chiuno, koma bondo lija la bambo ake linagonja iye asanakonzeke, ndipo onse awiri anapendekera kumbali, kunja kwa matilesi. Ndinaona mutu wa imvi ukupita pa simenti, ine ndili kutali. Kunamveka kugunda, koma sikunali kwa mutu. Dzanja la achemwali linali kunkhongo kwa amuna awo, litatambasuka, kuseri kwake kuli pansi.

A Bwezani anali chigonere, akupuma mwamphamvu, akuyang'ana akazi awo.

"Mwaphunzira liti?" anafunsa.

"Ndakhala ndikudzukira padzanja limeneli moyo wanga wonse. Ndingalephere kudziwa pamene limakhala?"

Anasolola dzanja lawo pang'onopang'ono. Pa mfundo za zala khungu linali litasupuka, timagazi tikutuluka. Analiyang'ana, n'kulipinda, n'kulitambasula. Kenaka anatenga dzanja lamanja la amuna awo, lija ndinkaliseka, n'kulitembenuza, n'kuliika pambali pa lawo. Anasisita ndi chala khungu lakuda lolimba lija, mfundo imodzi ndi imodzi.

"Kodi zimapweteka chonchi nthawi zonse?"

"Poyamba pokha. Kenaka khungu limazolowera."

Ine ndinatuluka panja kukayang'ana zovala pachingwe, ngakhale panalibe chovala chilichonse. Ndinalira ndithu, sindibisa.

Nditabwerera ndinapeza achemwali atakhalanso pampando wawo, akumanga kansalu padzanja, ndipo akulankhula ndi mawu amene sindinawamvepo chichokereni kwa makolo athu. Ankamuuza Kabwana kuti asavutike n'kuwalongedzera chikwama. Anati zaka zonsezi anthu akhala akukambirana za iwo ngati za katundu wosweka, lero anene okha, sapita kulikonse kosiya munthu amene wayamba kugwa. Kabwana anafunsa funso loyenera, kuti nanga iwo akagwa awagwira ndani, poti adadi sangathenso kuthamanga.

Funso limenelo linazungulira m'balazamo n'kudzaima pa ine. Ine ndine wamasiye, ana anga ali kwawo, ndipo m'nyumba mwanga ndimalankhula ndi makina. Ndinati makina osokera alibe mizu, akhoza kusokera pabalaza pano monga amasokera kwanga, bola wina asamandiuze zoti nkhalamba zimauluka. Kabwana anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akundilemba ntchito, n'kuti, "Amayi aang'ono, ndiye bwerani pamatilesi apa ndikuoneni." Tsiku limenelo wogwa anali iyeyo, bambo ake atakhala pampando akukweza chala.

Wilibala ya wometa inayenda maulendo awiri, woyamba makina, wachiwiri makatoni. Tsopano ndimafika m'mawa, ndimachoka achemwali akalowa kogona, ndipo makina anga ali kumanzere kwa mpando wawo. Akapita kuseri ndimapeza chifukwa chopitira nawo. Diso la a Bwezani likadali lakuthwa kuposa langa. Akaona pagalasi amangoti, "Mlamu," ndi mawu wamba, ine n'kusiya nsalu. Ulendo woyamba ndinagwira mochedwa, tinagwa tonse ngati matumba, koma mutu sunafike pansi.

Mafilimu aja ndimawaonera tsopano, poti makina anayang'ana komweko, ndipo akadali bodza. Anthu akadali kudikirana pamzere, milomo ikadali kutsalira. Dzulo ndinawauza kuti amene analemba nkhani ya filimu imene ankaonerayo ayenera kuti anailemba ali ndi malungo. Iwo anati nkhani ndi ya anthu osadziwa kuona. Tinakangana mpaka achemwali anatiopseza kuti atithamangitsa tonse. Ndikupinda nsalu kuti ndizipita, a Bwezani anayang'ana dzanja langa lamanja, pamene khungu layamba kuda pa mfundo ziwiri zapakati.

"Mlamu," anatero, "kodi mwayamba kumenya khoma?"